Serafina Watsala ku Torino

Biella,
9 Okutobala 1973

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa mwana wanu. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Bondo lija likutupabe mukamakwera chitunda cha kutchalitchi? Ndikhulupirira kuti mphesa munathyola mvula isanaziwononge. Ine kuno ndili moyo, ntchito kufakitale ya nsalu ikuyenda, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndakunamizani.

Achimwene a Donato, ndikudziwa kuti kalatayi mukuwawerengera ndinu. Chonde musalumphe mizere ngati muja mumachitira mukafuna kuwasungira mtima. Amve zonse.

Nkhani ndi ya mwana wanu Serafina ndi mkamwini wanu Saverio.

Chibwerere kuno zaka zitatu zapitazo, Serafina njira zake zinali zitatu basi: kufakitale, kumsika ndi ku Misa. Mwezi watha mnzathu wina wa pamakina anamubwereka kabuku ka zithunzi za ku Torino. Munali nyumba ya mafumu akale aja, makonde ataliatali oti munthu n'kuyenda tsiku lonse mvula osamukhudza, ndi tchalitchi cha pamwamba pa phiri. Mwana uja anapenga nako kabukuko. Masana ankadya ndi dzanja limodzi, linalo likutembenuza masamba. Tsiku lina anandigwira mkono n'kunena kuti, akulu anga, mzinda uli pamphuno pompa, tidzafa tisanaone pomwe pankagona mfumu?

Ndiye tinapangana. Kunyamuka Loweruka pa sitima ya m'mawa, kugona kwa asisitere ena amene amalandira amayi apaulendo, kumva Misa kumeneko, n'kubwerera Lamulungu madzulo. Serafina analemba zonse kuseri kwa tsamba la kalendala: poyamba nyumba ya mafumu, kenako chokoleti chotentha chija amamwera m'tambula, kenako kuyenda m'mbali mwa mtsinje. Anafufuta n'kulembanso kangapo konse. Serafina anapempha chilolezo kwa Saverio ine ndili pomwepo. Iye akutafuna anangoti, pitani, mundipumitseko makutu.

Lachisanu tinaweruka thuu koloko. Mukumbukira ndinakuuzani kuti ine ndimakhala pansi, iwo pamwamba, m'nyumba ya mayi Pautasso, mayi wamasiye uja amene amati ife akummwera tinamubweretsera phokoso ndi fungo la adyo. Cha m'ma folo ndinali kusita siketi ya paulendo. Ndinamva mpando ukugwa, kenako china chake chikumenyetsedwa pansi ngati thumba la ufa. Ndinathamanga pamasitepe. Sindinadziwe n'komwe kuti simbi ndainyamula.

Ndinamva pambuyo pake kuti anzake a kumowa ndi amene anamudzaza mutu Saverio. Akuti anamuseka kuti mkazi wokagona kunja ndiye kuti kunjako kuli womufunditsa.

Chitseko chinali chotsegula. Zovala zinali mbwee pansi, kabuku kaja katang'ambidwa pakati. Saverio anali atakulunga tsitsi la Serafina kudzanja, akumumenyetsa mutu pamphepete pa sinki, uku akufunsa kuti dzina lake ndani. Akamenyetsa, afunse. Akamenyetsa, afunsenso. Serafina ankangoti kulibe dzina, kulibe dzina, mpaka mawu anasanduka magazi. Atagwa, anayamba kumuponda m'nthiti ndi nsapato zake za kuntchito, zokhala ndi chitsulo kutsogolo zija.

Ndinakuwa kuti, alamu, mupha munthu! Anatembenuka n'kunena kuti, eya, wabwera mphunzitsi wa uhule, mbeta yosowa woifunsira. Chibakera sindinachione. Ndinangopezeka ndili pansi pa tebulo, mbale zikundigwera, m'kamwa muli kanthu kolimba. Linali dzino langa lakutsogolo. Ndinalilavula.

Saverio anavula lamba n'kuyamba kumukwapula Serafina ndi mbali ya chitsulo. Kumsana, kumaso, paliponse. Serafina anasiya kulira, ndipo kusiya kulirako ndi kumene kunandiopsa. Kenako Saverio anataya lamba n'kutola mpeni wodulira buledi. Anati poti akufuna kukaonetsa nkhope ku Torino, aikonza kaye.

Amayi, apa ndinene zanga. Simbi ija inali ikadali yamoto. Ndinadzuka n'kumumenya nayo pamkono ndi mphamvu zanga zonse. Fupa linalira ngati nthambi youma ya mzitona. Mpeni unagwa. Akuwerama ndinamumenyanso pakhutu, ndipo fungo la khungu lopserera linadzaza khitchini yonse. Ndinakweza kachitatu, ndikuyang'ana pamutu penipeni. Sindikunamizani, ndinkafuna kumaliza. Wansembe ndamuuza kale, tsopano ndakuuzani inu.

Amene anandigwira dzanja ndi mayi Pautasso. Anakwera ndi fosholo ya malasha, kupuma kuli befu. Anandiuza kuti, mwana iwe, galu ameneyu sangakulowetse m'ndende, tsitsa. Kenako analoza Saverio ndi fosholoyo n'kumuuza kuti atuluke m'nyumba mwawo akadali ndi miyendo yoyendera. Anatsika akukwawa ndi khoma, akutitukwana tonse atatu pamodzi ndi akufa athu. Kuchipatala akuti anakanena kuti wagwa pamasitepe.

Tinamunyamula Serafina kupita naye kuchipinda kwa mayi Pautasso. Pomuvula bulauzi kuti timutsuke, mayi aja anasiya nsalu m'beseni n'kuyamba kulira. Thupi lonse linali zipsera. Zina zakuda, zina zachikasu, zina zozungulira zotentha ndi ndudu, zina zakale zoti zinachita kuyera. Amayi, ine ndakhala pansi pa anthu amenewa zaka zitatu. Phokoso ndinkalimva. Ndinkakweza wailesi n'kumadziuza kuti za banja la eni salowerera. Manyazi amenewa ndidzafa nawo.

Serafina anandiuza kuti anakulemberanipo kamodzi, chaka chawo choyamba kuno. Akuti munayankha kuti banja ndi kupirira, ndipo kuti malemu bambo nawonso dzanja lawo linali lolemera koma munakhala. Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti inunso munauzidwa chimodzimodzi.

Apolisi anabwera awiri dzuwa lisanalowe. Anayang'ana magazi, analemba pang'ono, n'kunena kuti nkhani za mwamuna ndi mkazi zimathera m'nyumba. Za mpeni anafunsa kamodzi. Za simbi anafunsa kanayi.

Ine ndinkati ulendo wafera pomwepo. Koma Loweruka m'mawa ndinapeza Serafina atavala kale, atamanga mpango kumutu, diso limodzi lotsekeka, mlomo uli ngati chiwindi. Anati matikiti tinagula kale, tiyeni. Ndinamuuza kuti wapenga, sangathe ngakhale kupuma bwino. Anayankha kuti ngati n'kufa akafera pa sitima, osati pansi pa sinki. Mayi Pautasso anatikulungira buledi ndi tchizi, n'kutiperekeza mpaka pakona, fosholo ili m'manja.

Kusiteshoni Saverio anatipeza. Mkono uli m'chikhakha, khutu lomangidwa bandeji, maso ofiira. Serafina anali ataponda kale pa sitepe ya sitima pamene anamugwira mpango pamodzi ndi tsitsi n'kumukokera pansi. Anagwa chagada pasimenti. Anthu anali ambiri, amuna ovala zipewa ndi manyuzipepala awo, koma onse anangopatuka ngati akupatukira ngolo. Saverio anamuponda pachifuwa ndi bondo, akumuuza kuti ndiwe wanga, ndinakutenga pa guwa, ukalowa m'manda ndi dzina langa.

Ndisanafike n'komwe, Serafina anagwira sutikesi yathu ndi manja awiri n'kuimenyetsa pachikhakha paja. Mwana wanu wofatsa uja, amene ankathawa mukamapha nkhuku. Kukuwa kwa Saverio kunamveka mpaka kumsewu. Apo m'pamene antchito awiri a njanji anamugwira. Tinakwera, chitseko chinatsekedwa. Sitima ikunyamuka anawapulumuka n'kumathamanga m'mbali mwa zenera, akulumbira kuti adzamupeza ngakhale akabisale m'siketi mwa amake.

Ku Torino tinachita zonse zimene analemba pa kalendala paja, ngakhale pang'onopang'ono ngati nkhalamba ziwiri. M'nyumba ya mafumu anthu ankasiya kuyang'ana golide wa kudenga n'kumayang'ana ife. Serafina anaima nthawi yaitali m'chipinda china chodzaza magalasi. Ndimayesa akusirira, koma ankadziyang'ana nkhope. Chokoleti chija chinatikanika kumwa, iye chifukwa cha mlomo, ine chifukwa cha chibowo cha dzino. Tinachita kunyambita ndi tisupuni ngati ana a mphaka. Anandiyang'ana n'kunena kuti, akulu anga, ndi kamwa limenelo ndiye ukwati muiwaliretu. Tinaseka mpaka iye anagwira nthiti, misozi ili mbwe.

Asisitere atationa sanafunse zambiri, anangoitana dokotala. Anapeza nthiti ziwiri zothyoka. Anapezanso china chimene Serafina ankabisira aliyense: ndi woyembekezera, miyezi itatu. Dokotala akuti mwanayo akadalimo, ndipo iye mwini sakumvetsa kuti wapulumuka bwanji.

Lamulungu madzulo anandiperekeza kusiteshoni. Nthawi yokwera itakwana anandipatsa tikiti yake, n'kunena kuti iye watsala. Anati msana wake unazolowera, koma mwanayu nsapato zija sadzazidziwa. Asisitere amupatsa bedi, ndipo akachira azikathandiza kochapira. Ndinabwerera ndekha.

Kuno sikunazizire. Dzulo Saverio anaima tsidya la msewu pageti ya fakitale kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Nditafika kunyumba ndinapeza zenera langa litaswedwa, mwala uli pabedi. Panopa ndikukhala kwa mayi Pautasso, ndipo amayi anzanga a pamakina akumandiperekeza anayi anayi. Anthu akuti Saverio wauza anzake kuti akapanda kumupeza Serafina kuno, atsikira kumudziko kudzakufunsani.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, amayi. Asewere anu abwera, mwina afika kale. Abwera ndi misozi, anena za mbiri ya banja, anena kuti mwana sabadwira kwa eni. Mwina abwera ndi bambo mfumu amene anadalitsa ukwatiwo. Alandireni, apatseni khofi, koma musamulembere Serafina kuti abwerere. Ine sandimvera kwenikweni, asisitere angathe kuwakana, koma inu mukangonena kuti bwerera mwana wanga, adzanyamula sutikesi tsiku lomwelo. Ndikumudziwa. Ndipo ulendo winawo ine ndi simbi tidzachedwa.

Dzina la asisiterewo ndi msewu wawo sindilemba, kuti wina akakufunsani muzilumbira ndi mtima woyera kuti simukudziwa. Makalata ake azidzera kwa ine. Achimwene, Saverio akafika kumeneko musalimbane naye, muli ndi ana. Mungotseka chitseko.

Mundiperekere moni kwa alamu anga akazi a Donato ndi ana onse, kwa azakhali a Filomena, ndi kwa amalume kumunda kuja. Pa Tsiku la Akufa mukaike maluwa pamanda a bambo m'dzina la tonse awiri. Serafina akuti ndikupsompsoneni manja m'malo mwake. Anandifunsa katatu ngati mukwiya naye. Ndinamuuza kuti ayi. Chonde musandisandutse wabodza.

Ndine mwana wanu,
Rocchina