Chovala Chachikasu Pakomboni

Amayi, kodi kukucha bwanji kumeneko? Kuno pakomboni tilipo ndithu. Fodya wa chaka chino wauma bwino m'mabalani, ndipo mpongozi wanu, mkazi wa mlongo wanga Yohane, wachira mwana wamwamuna wamphuno ngati yanu. Mdzukulu wanu Tadala, mwana wangayu, wayamba kuwerenga yekha, moti ndikulemba mobisa kuti asandione ndikupukuta maso. Mbuzi yanu yamakani ija ikudyabe zovala pachingwe.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi china. Munkati thandizo la boma lili ngati mvula ya ku Chegutu, timangoiona ikugwa kwa anzathu. Amayi, ulendo uno yagwa pakhomo pathu, ndipo mpaka lero sindikumvetsa.

Namwino wa kukiliniki ndiye anandiuza kuti boma likupereka ndalama zophunzitsira anthu kupulumutsa anzawo pangozi za mankhwala oopsa. Anati pulazi ngati yathuyi, yodzaza mankhwala a fodya, komanso yoyandikana ndi msewu waukulu wodutsa mathanki a asidi, ikhoza kupempha. Ndinakwera kombi pa Selous mpaka ku Norton kukatenga mafomu. Anali ochindikala kuposa buku lanu la nyimbo, onse m'Chingerezi chokhachokha.

Tsamba lina linkafuna kuti tifotokoze ngozi imene inatigwerapo. Ndinatha masiku atatu ndikungoliyang'ana. Kenako ndinalemba za inu. Ndinalemba kuti denga la shedi linadontha, mvula n'kunyowetsa mapiritsi ophera anankafumbwe m'chimanga, a Jailosi a pakomboni pano n'kukomokera m'katimo ndi mpweya woipawo. Ndinalemba kuti amuna onse anaima panja kumangokuwa, inu n'kumanga mpango wonyowa kumphuno, n'kulowa kukawakoka, ndipo mwezi usanathe tinakuikani m'manda. Ndinalira, Amayi, mpaka ndinachita kukapempha tsamba lina.

Mafomuwo ankafunanso mayina a anthu a pakomboni ponse. A kutchalitchi anasaina tsiku lomwelo. Mantha anga anali pa a gule, poti inu, mayi wa Mvano, munkatiletsa ngakhale kusuzumira ng'oma zawo zikalira. Koma ndinu nomwe munkati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo amene munakamukokayo anali mkulu wawo wa kudambwe. Ndinapita ndekha kwa a Jailosi. Anadinda chala chawo, n'kutumiza uthenga kuti anthu awo onse abwere adzadinde.

Sabata yatha kunabwera bambo ndi mayi ochokera ku ofesi ya boma kudzaona ngati ndife anthu ophunzitsika. Anabwera ndi chovala chachikasu chokuta thupi lonse, chagalasi kumaso, ndi botolo la mpweya. Atafunsa wofuna kuyesa, ndinangopezeka ndaimirira. Mayiyo anakandiveka mushedi momwe muja.

Amayi, sindinkadziwa kuti munthu angabereke mpweya kumsana ngati mwana. Unkalowa m'chifuwa wozizira bwino, wopanda fungo, ndikuumva ukulowa ndi kutuluka. Ndinaima pamalo penipeni pamene munawapeza a Jailosi, ndikupuma ngati ndili kudimba m'mawa. Ndiye kuti chinthu chimenechi chinalipo padziko pano tsiku lijalo, ifeyo osadziwa.

Nditatuluka, ana anabalalika, akazi anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuwomba m'manja, ngakhale anzanu a Mvano. Popanda wowauza, anthu anasiya bwalo lalikulu ngati kwatulukira gule. Bambo wa boma uja anasangalala, nanena m'Chishona kuti kwina konse anthu amaunjikana pangozi, koma ife phunziro loyamba tinabadwa nalo.

Kenako anafunsa khamulo dzina la amene anali m'chovalamo. Anafotokoza kuti lamulo lalikulu la ntchitoyi n'lakuti wolowa pangozi atchulidwe dzina, lilembedwe, kuti akachedwa kutuluka anzake adziwe amene akumufuna. Aliyense anandiona ndikulowa mushedi, koma ndani mwa ife angatchule dzina la munthu wobisa nkhope pabwalo? Anafunsa kachiwiri, kachitatu. Nkhope yake inasintha, anayamba kulemba m'buku mwake. Ndinaona pempho lathu likufera pomwepo, ndipo mawu anga sankamveka kunja kwa galasilo.

Pamenepo a Jailosi anadzuka ndi ndodo yawo. Inu mukudziwa kuti munthu ameneyu wasunga chinsinsi cha kudambwe moyo wake wonse, ndipo anthu ake onse anali kumuyang'ana. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene ndinaima, nandigwira paphewa.

"Ichi si chilombo ayi, abwana, ndi munthu. Ndi Esinati, mwana wa anaBanda amene anandikoka ine mushedi umu. Nyorai, ndikuti lembani dzinalo. Akachedwa, wokamutenga ndine."

Galasi lonse linachita nthunzi, sindinaonenso kanthu.

Kalata yafika dzulo, Amayi. Atilola. Fodya akatha kugulitsidwa tipita kukaphunzira, ena a kutchalitchi, ena a kudambwe, kombi imodzi. Abusa aiwerenga kalatayo kawiri, ndipo ine ndimangoitulutsa m'Baibulo mwanu n'kumaigwiragwira, poti sindinaonepo dzina la komboni yathu litalembedwa pansi pa chidindo cha boma.

Ndakusowani kwambiri. Ndikadzalandira chovala changa ndidzabwera nacho kumanda kuti muchione, koma musadzathawe ngati ana aja. Ndipo ndikulonjeza, Amayi, tsiku likadzafika ndidzalowa monga munalowera inu, koma ndidzatuluka ndi chifuwa changa. Tadala sadzandilembera kalata ngati ino akadali wamng'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati