Nyenyezi zako ndi a Chimphepo

Mwana wanga Tiyamike,

Uli bwanji kutaliko? Kuno ku Kasakula tili bwino, koma bondo la bambo ako.

Lamulungu a Chimphepo, mkulu wa mpingo uja, anandinyoza pagulu kuti iwe umaombeza ndi nyenyezi, ndiye ine ndisadye mgonero. Ndinawafotokozera monga unandiuzira, kuti umayeza kuwala kwa nyenyezi zikuluzikulu kuti udziwe kuchuluka kwa chitsulo m'menemo, ndi mmene zimakalambira mpaka kufa. Anangoseka, mbuli yachabechabe.

Lachiwiri ndi awa pakhomo, chipewa m'manja, akunong'ona: "Mayi, tamufunsani mwanayo, nyenyezizo zikuti fodya ndiwokere liti?"

Ndinawauza akafunsire pomwe anandinyozera paja.

Utumize mankhwala a bondo. Ambuye akusunge. Mgonerowo ndidya.

Ndine mayi ako,
Nabanda