Haibulidi Yandilakwitsa kwa Apongozi

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41. Ndimakhala ku Chongwe pa puloti yathu ndipo ndimagwira ntchito mu ofesi ina ku Lusaka. Mkazi wanga ndimutchule kuti Febby, ngakhale si dzina lake. Vuto langa mukalimva museka. Sekani ndithu, koma mukatha kuseka mundithandize, chifukwa kunyumba kwanga yatha milungu iwiri popanda woseka.

Galimoto imene ndili nayo ndi nkhalamba. Febby anaipatsa dzina loti Chigayo, ndipo sanalakwe, pakuti ikalira m'mawa agalu onse a m'dera lathu amayankha. Mafuta ndiye imamwa mopanda chisoni, makamaka pa mzere wa magalimoto uja woyambira ku Chelstone, pamene timangokwawa mpaka m'tauni.

Mnzanga wa ku ntchito, Calvin, amusamutsira ku Mansa, ndiye akugulitsa haibulidi yake, galimoto ija yoyendera petulo ndi batire pamodzi. Anandipatsa makiyi nati, "Mudala, itengeni muiyese mpaka pa Mande. Mukaikonda ni yanu, koma munipase yankho mwezi usanasile." Lachisanu ndinapita nayo ku ntchito n'kubwerera, kasingano ka mafuta osagwedezeka n'komwe. Aphungu, ndinaikonda. Ndinaipukuta kawiri tsiku limodzi, chinthu chimene Chigayo sichinachitiridwepo chibadwire.

Tinali titagwirizana kuti Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi tikaone apongozi anga ku Bundabunda. Koma mtima wofuna kuonetsa galimoto unandikulira. Loweruka m'mawa ndinauza Febby kuti tinyamuke pompo, tisaimbe foni, tikawadzidzimutse. Tinawadzidzimutsadi.

Ndifotokoze kaye za apongoziwo. Ndi amayi amasiye a zaka zopitirira 60, otsogolera amayi ku mpingo kwawo, osalankhula zambiri. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wathu ine ndi iwo sitinayang'anepo m'maso, sitinadyerepo pamodzi. Moni timapatsana chapatali, ine nditanjuta, tonse tikuwomba m'manja. Nthawi zonse tikafika timawapeza atakhala pamphasa, chitenje chili bwinobwino, duku kumutu, mpando wanga utaikidwa kale pansi pa mtengo wa mango. Ine m'kupusa kwanga ndinkayesa kuti ndi mmene amakhalira tsiku lonse. Sindinkadziwa kuti Chigayo ndicho chinkawauza kuti tikubwera tikadali kutsidya kwa kamtsinje.

Tsiku limenelo tinalowa pabwalo mwakachetechete moti ngakhale nkhuku sizinasunthe. Ndinaimika galimoto pansi pa mango paja, pamalo panga pa nthawi zonse. Pakhomo panalibe munthu. Wailesi inkaimba pakhonde, ndipo patsinde pa mtengo panali dengu la mango losadzaza. Febby anaodira, anaitana, kenako anati mwina amayi ali kudimba, n'kupita kukawafuna.

Ine poona kuti ndili ndekha ndinamasuka. Ndinavula nsapato, ndinamasula lamba, ndinakhala pa boneti n'kuyamba kudya mango a m'dengu muja, madzi ake akuyenderera mpaka m'zigongono. Ndinadya atatu. Ndinaimba nawo nyimbo ya pawailesi, ndi mawu angawa. Ndinaimbira foni Calvin kumuuza kuti motoka yake ndi nkhani ina. Zonsezi zinatenga pafupifupi ola lathunthu.

Kenako padenga la galimoto panagwa chinthu, phwa! Ndinayesa ndi bango, koma inali patapata. Ndinakweza maso.

Aphungu, apongozi anga anali m'mwamba mumtengo, atakumbatira nthambi, maso atatsinzina, atavala kabudula wa malemu amuna awo. Nyerere zofiira zija za m'mango zinali zitawadzadza m'miyendo. Nthawi yonse ija anali pamwamba pa mutu wanga, akulumidwa, osatsokomola n'komwe, kudikira kuti mkamwini achoke.

Chimene ndinachita mpaka lero sindichimvetsa. M'malo moti ndiyang'ane pansi n'kuchoka ngati sindinaone kanthu, ndinanjuta pomwepo, nkhope ili kumwamba, n'kuwomba m'manja. "Muli bwanji amama?" Iwo, poti ndi munthu wa ulemu, anayankha ali m'mwambamo, "Tili bwino, kaya imwe apongozi."

Apa n'kuti Febby akutulukira. Anaponya maso kumwamba, anaponya kwa ine, n'kukuwa, "Imwe! Chokani apo! Yendani!" Ndinalowa m'galimoto, ndinadina batani, koma poti simveka ndinalephera kudziwa ngati yayaka kapena yazima. Ndinadina kanayi. Mapeto ake ndinatuluka n'kuthamanga wapansi, wopanda nsapato, kukabisala m'munda wa chimanga chofika m'mawondo.

Apongozi atatsika analowa m'nyumba ndipo sanatulukenso. Febby akuti anamufunsa ali kuseri kwa chitseko, "Motoka ija ni ya ndani?" Atawafotokozera anati, "Motoka yosaodila ni ya akawalala. Ikakhala yanu muzinitumila uthenga, nizichoka pano." Komabe anamuuza kuti aike dengu la mango mu buti, monga amachitira chaka chilichonse, poti amadziwa kuti ine mango a mtengo umenewo ndimawakonda.

Kuyambira pamenepo zinthu sizili bwino. Kale amayi aja akamacheza ndi Febby pafoni ankatsiriza ndi kufunsa kuti ine ndili bwanji. Pano safunsa. Anenanso kuti Khirisimasi ino sabwera kwathu, pamene sanaphonyepo. Febby wanena poyera kuti, "Mukaigula muziyenda nayo mweka ku nchito. Kwa amama sinizakwela." Zimenezi zikundiwawa, Aphungu, chifukwa amayi aja ndimawalemekeza kwambiri, ndipo amayi anga ondibereka anamwalira kalekale.

Koma galimotonso ndikuifuna. Anthu akundisokoneza. Neba wanga a Mwaanga akuti batire lake likafa ndidzalira ngati mwana. Ena akuti ndi kuzimazima kwa magetsi kuno ndiziitchaja kuti. Ena akuti matope a ku Bundabunda siingawathe. Calvin akudikira yankho. Ndigule kapena ndikhale ndi Chigayo changa chodziwa mwambo?

G.M., Chongwe

Okondeka a G.M.,

Ndaseka, ndivomere. Pamene munanjuta paja ndinachita kuika kalata yanu pansi kuti ndipume. Koma mwabweretsa nkhani ziwiri mutazimanga mtolo umodzi, ndiye tizimasule. Ina ndi ya galimoto, ndipo ndi yopepuka. Ina ndi ya amayi aja.

Tiyambe ndi yopepukayo. Kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku pakati pa Chongwe ndi Lusaka, wothera nthawi pa mzere, haibulidi ndi nzeru. Pamene anzanu akuotcha petulo ataima, yanu injini imakhala itapuma. Za kutchaja musade nazo nkhawa. Funsani Calvin kuti mutsimikize, koma zambiri za mtundu umenewu sizilumikizidwa kukhoma, zimadzitchaja zokha zikamayenda.

A Mwaanga sananame kwenikweni. Batire lalikulu limakalamba, ndipo kulisintha si masewera. Choncho musagule chifukwa Calvin ndi mnzanu. Pitani nayo kwa makaniko wodziwa mahaibulidi, amene inuyo mwasankha, ailumikize ku makina aone mphamvu imene yatsala m'batiremo. Mumufunsenso ngati zipangizo zake zimapezeka msanga ku Lusaka. Mudziwiretu kuti makaniko wanu wa pansi pa mtengo, amene amachiza Chigayo ndi waya ndi pulayala, mawaya okhuthala a galimoto imeneyi asawakhudze, amapha. Fumbi nalo ndi mdani wake, kotero timabowo tolowetsa mphepo yoziziritsa batire tizitsukidwa. Za msewu wa kumudzi, munaiyesa mvula isanakule. Zambiri mwa galimotozi n'zazifupi pansi ndipo sizikondana ndi madzi akuya. Ngati kamtsinje kaja kamadzaza mu Febuluwale, dziwani kuti miyezi imeneyo muziisiya kutsidya n'kumaliza ndi miyendo. Calvin mumupemphe milungu ina iwiri. Akakana kuti galimoto ipimidwe, kapena akakana kudikira, yankho mwalipeza.

Tsopano tibwere ku nkhani yeniyeni. Mukuti galimoto yakulakwitsani. Ayi bambo, galimoto ilibe apongozi. Amene anati tisaimbe foni ndinu. Amene anasintha tsiku chifukwa chofuna kutamandidwa ndinu. Zaka khumi ndi chimodzi ekizozi yobooka ya Chigayo yakhala ikukuodirirani, inu n'kumalandira ulemu wa munthu wodziwa mwambo. Tsiku loyamba limene munayenera kuodira ndi pakamwa panu, munakhala pa boneti n'kumasula lamba.

Ndikufunseninso funso limene m'kalata yanu yonse simunadzifunse. Dengu la mango limene mumalipeza mu buti chaka chilichonse, mumayesa amathyola ndani? Pakhomo paja pali amayi okha. Ankadziwa kuti mubwera Lamlungu, ndiye Loweruka anavala kabudula wa malemu n'kukwera mtengo, pa msinkhu wawowo, kuti mkamwini adzapeze mango akumwamba, aja otsekemera osagwa pansi. Akhala akukwera chaka ndi chaka inu osadziwa. Amayi aja sakudana nanu. Manyazi awagwira, chifukwa mwaona chimene ankabisa, ndipo akuopa kuti mukawayang'ana muziona kabudula basi.

Nazi zoti muchite, ndipo muyambe sabata ino, musanapite kwa makaniko.

Siyani kuifotokoza nkhaniyi. Ine mwandiuza, zakwana. Ku ofesi, kubawa, ngakhale kwa Calvin, tsekani pakamwa. Ikangozungulira n'kufika ku mpingo kwawo, kumene amayi amawagwadira, simudzaikonzanso.

Musapite nokha kukapepesa maso ndi maso, mungowonjezera manyazi. Pezani wamkulu wa kuchikazi amene apongozi amamasuka naye, kaya ndi mng'ono wawo kaya nkhoswe ya ukwati wanu. Mumutume ndi nkhuku ndi chitenje chabwino. Uthenga ukhale waufupi: mwana wanu analowa pakhomo osaodira, walakwa, akupempha mumukhululukire. Za mtengo, za nyerere, za chovala, asatchule ngakhale liwu limodzi. Mlandu ukhale wanu wokha, iwo asakhale ndi choti afotokoze.

Akakulandirani, pitani pa tsiku limene iwo anena, pa ola limene anena. Muyende ndi Chigayo, kapena pa minibasi. Mutenge nsungwi yaitali yokhala ndi ngowe ndi kathumba kunsonga, muisiye pakhomopo osanenapo kanthu. Kuposa apo, nyengo ya mango ikafika wokwera mtengo akhale inu, iwo ali m'nyumba. Zaka 41 si ukalamba.

Ndiye muike lamulo limene lidzakhale ngakhale mutagula ndege. Foni dzulo lake. Mukafika pa kamtsinje, hutala kawiri. Galimoto iziima kunja kwa bwalo, Febby azitsogola wapansi, inu muzitsala mpaka akukodoleni. Lamulo limeneli Febby akawauze amayi ake, kuti adziwe kuti pakhomo pawo angathe kuvala chimene akufuna popanda kutchera khutu kumsewu. Hutalayo idzakuthandizaninso kwina, chifukwa galimoto yosamveka ana ndi mbuzi za kumudzi saithawa, ndipo pobwerera m'mbuyo muzichita kuyang'ana kawiri.

Mkazi wanunso musamuiwale. Iye ali pakati, wachita manyazi mbali zonse ziwiri. Musamunyengerere ndi nkhani ya mafuta, sakumva zimenezo panopa. Akaona kuti mwayamba ndi amayi ake, za galimoto adzazitchula yekha.

Kodi mugule? Makina akanena kuti batire lili bwino, Febby akavomera, apongozi akayambanso kufunsa za inu pafoni, gulani ndi mtima woyera, ndipo mudzandithokoza pa mzere wa ku Chelstone. Koma ndikuchenjezeni. Musasaine pepala lililonse amayi aja asanakhululuke, poganiza kuti adzazolowera. Munthu wamkulu akaona kuti mwagula chinthu chimene chinamuchititsa manyazi iye akadali ndi bala, sadzakukalipirani. Adzangokhala chete, ulemu adzakupatsani wonse, koma mtima adzaubweza. Mwezi ukatha zisanakonzeke, muuzeni Calvin agulitse kwa wina. Mahaibulidi akulowa m'dziko muno tsiku lililonse, mudzapeza ina. Mwanena nokha kuti amayi anu anapita. Amene atsala oti n'kulumidwa ndi nyerere ola lathunthu chifukwa cha inu ndi amodzi okhawa.

Aphungu