Mizere ya Tsache Pabwalo pa Bana Mwape

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Ngati zolankhula za muno mu Bwacha zimafika kwanuko, musazimvere. Akuti Misozi wafewa mtima, akusesera Bana Mwape pabwalo m'mawa uliwonse monga ankachitira amake. Lamlungu azimayi a kutchalitchi anandiyamikira, wina mpaka kundigwira tsaya. Si ine, Amayi. Mukundidziwa.

Ndiyambe ndakuuzani zapakhomo. Esnati, mng'ono wanga, wabereka mwana wamkazi ku Ngungu, ndipo amutcha dzina lanu. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinatipatsa zitsononkho zokhazokha. Mpopi wathu wauma, ino ndi sabata yachitatu.

Bana Mwape, oyandikana nafe aja, anafa ziwalo mbali imodzi mwezi wa Juni. Ana awo amangoimba foni ali ku Lusaka. Zaka zonse zija Bana Mwapewo ankakutchani mlendo chifukwa agogo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito pamgodi, koma iwo akalawirira kumsika inu munkawasesera. Munkayamba mwawaza madzi kuti fumbi lisauluke. Ndikadandaula munkati, "Fumbi la kumgodi silifunsa kuti bwalo ndi la yani, Misozi. Likanyamuka kwawoko ulipuma ndiwe."

Nanga ubwino wanuwo unakupatsani chiyani? Mutadwala, ankauza anthu m'minibasi kuti ndabwerako kuyunivesite chifukwa mutu wakana, pomwe ankandiona ndi maso awo ndikuchapa zofunda zanu chaka chathunthu. Pamaliro anu anadya mbale ziwiri, msozi osagwetsa.

Tsache lanu ndinaliwotcha titangokuikani. Koma chidwalireni iwo, ndikatsegula chitseko m'mawa ndimapeza dothi lonyowa kuyambira pakhomo pathu mpaka pawo, mpopi uli wouma chomwecho. Mizere ya tsache imakhotera kumanzere. Mumsewu wonse uno wamanzere munali inu nokha.

Dzulo Bana Mwape anandikodola pawindo, pakamwa patapotoka. Anandithokoza m'Chibemba chawo, "Natotela, mwana wandi." Kenako anati, "Koma iwe, uziyankhako ndikakupatsa moni m'mawa. Umangowerama ngati amako."

Ndinangotembenuka n'kubwerera kwathu.

Amayi, munatopa mokwanira muli moyo. Sindinawakhululukire, ndipo musayembekeze kuti ndikawasekerera. Koma sindingalole kuti muzidzuka komwe tinakugonekani kudzasesera munthu ngati ameneyo, ine mwana wanu ndili m'nyumba ndi manja awiri. Ndagula tsache latsopano, madzi ndatunga kwa anzathu a kuseri. Ndikulonjeza kuti ndizisesa ndine tsiku lililonse, mpaka pakhomo pawo penipeni, malinga inu mugone.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi

Ndayamba lero. Tsache ndinaligwira ndi dzanja lamanja monga mwa masiku onse. Nditacheuka, mizere yonse inali itakhotera kumanzere.