Tinathawira Kumanda Osaodira

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Esinati, mdzukulu wanu uja munkamunena ulesi, ali ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, mkamwa namonso simutsekeka. Nandolo chaka chino sitinakolole. Mvula yasiya ulemu, Amayi. Imachedwa mpaka mbewu kupserera, kenako ya mwezi wathunthu imagwa tsiku limodzi.

Tsiku lomwe mtsinje wa Thuchila unasefukira, kunja kunali kutacha kale. Madzi anabwera ndi matope ndi miyala, nyumba zikugwa tikuona. Mukudziwa kuti mitengo ya m'mudzi inathera ku makala ndi kuotcha njerwa. Yotsala ndi ya kumanda yokha, poti kumeneko nkhwangwa silowa. Ndiye tinathamangira konko, osapempha kwa akuluakulu, osaodira n'komwe. Esinati anakwera mkuyu wa kumutu kwanu uja, khanda lili kumbuyo, ine pambuyo pake ndi ukalamba wangawu. Mukanationa mukanaseka mpaka misozi. Tinakhala m'mwambamo mpaka madzi ataphwa. Ndinalira, Amayi, chifukwa ndinamva ngati mwatiberekanso kumsana.

Patapita masiku kunabwera anthu a bungwe pa galimoto. Akuti utsi wa m'mafakitale a kumayiko akutali ndi umene watenthetsa dziko, ndipo atsogoleri amakumana chaka ndi chaka n'kumalonjeza thandizo. Ine ndinangokumbukira mawu anu aja, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimandiwawa n'chakuti ife utsi wathu ndi wa kukhitchini basi, koma matope anadzera kwathu.

Tsopano boma lati tisamuke, pano si pokhalanso anthu. Malo atipatsa kumtunda, kutali ndi mtsinje. Poyamba ndinakanitsitsa. Malo ano munasiyira ine, ndipo mwana wamkazi sathawa manda a amake. Koma mitambo ikangoda, Esinati amangokumbatira mwana mwamantha, chakudya osachikhudza. Dzulo ndavomera.

Musandikwiyire. Chilimwe chilichonse ndidzabwera kudzasesa pamanda panu, ndipo miyendo ikadzakana ndidzakwera kabaza. Koma mvula ikayamba musamandidikire, Amayi. Ndizikhala kumtunda ndi anawa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Feliya