Akuti Ndakusungani ku Dimba

Amayi, kodi kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno kwacha ndi nkhungu yake ija, koma ine ndadzuka mtima uli bibibi. Munkati mkwiyo ukagona m'mimba umasanduka nthenda, ndiye ndati ndiutule kwa inu. Ndiyambe ndi zabwino, mungati ndataya mwambo. Mdzukulu wanu Marita anachira bwinobwino ku chipatala cha ku Kasina, mwana wamkazi, mphuno yake yanu yomwe ija. Mbuzi yanu yamawanga yaswa awiri. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, tafoleranso. Ndipo kachewere ku dimba kwanu wabereka chaka chino, mayo ine, phando limodzi kutsala pang'ono kudzaza ndowa.

Kachewere ameneyo ndi amene wandiika m'kamwa mwa anthu, iye pamodzi ndi mwana wanu wokondedwa, mlongo wanga Fabiyano.

Mukudziwa kuti chiyambire uphunzitsi ku Lilongwe amalemba nkhani zopeka. Tsopano wagwidwa ndi mtundu wina wa nkhani. Akuti dziko si limodzi ayi, alipo ambirimbiri ovundikirana ngati masamba a kabichi, ndipo chimene chakanika kuno chimatheka m'dziko linalo. Akuti ophunzira amazikonda zimenezi. Chabwino, azikonda. Nanga osalemba za anthu a kumwezi bwanji? Iye analemba za inu. Dzina lanu lenileni, dzina langa, dimba lathu la kumunsi kwa Chongoni, ngakhale khasu lanu la mpini wokhota analiikamo.

M'nkhani mwakemo, tsiku lija munakomoka komaliza, galimoto inapezeka msanga, munafika ku Boma mukupuma, munachira. Ndiye m'dziko linalo muli moyo. Mumalawirira ku dimba, mumalima mzere womwe ndikulima ine, khasu lanu pambali pa langa, koma ine sindikuonani. Pena analemba kuti, "Sesiliya amadabwa kuti mizere ikutha msanga bwanji." Mwamva, Amayi? Mwana wobadwira m'mudzi muno, woyamwa bere lanu, kulemba mawu oterowo osaganiza kuti akagwera m'makutu mwa ndani!

Anaitumiza pa gulu la pa foni la abale. Pamwamba analembapo kuti ndi yopeka, eya, ndinaona ndekha. Koma Rozina, mkazi wa msuweni wathu, anakaiwerenga mokweza ku mjigo, ndipo mawu apamwambawo anangowalumpha. Ku mjigo kulibe amene anamvapo za maiko ovundikirana. Chimene anthu akuno amadziwa ndi chimodzi: wakufa amene akulima m'munda mwa wamoyo osaoneka ndi ndondocha, ndipo ndondocha imakhala ndi mwini wake. Anayang'ana kachewere wanga, nayang'ana wawo wopserera ndi chiwawu, basi mlandu unathera pomwepo. Akuti ndinakuphani m'matsenga, ndinakudulani lilime, ndikukusungani kuti muzindilimira. Akuti Fabiyano waulula mochenjera chifukwa akuopa kunena poyera.

Ine, Amayi! Ine amene ndinkakutembenuzani pamphasa mbali ina itafa ziwalo, ndinkakumwetsani phala inu mukulavula, ndinkachapa nsalu zanu kumtsinje m'chisanu cha mu Juni mpaka zala kung'ambika. Palibe akukumbukira manyowa a nkhumba amene ndinasenza chilimwe chonse mpaka khosi kuuma. Palibe akukumbukira kuti mbewuyo munasankha nokha ndi dzanja limodzi lotsalalo, mukundikalipira kuti yanga ili ndi maso ofooka. Munkati mbatata sikumbidwa ndi pakamwa. Bwerani mudzaone, kuno aikumba ndi pakamwa yonse.

Aganyu akana kudzandithandiza kukolola. Ku mphakati, mphasa imene ndakhalapo imatsala yanga ndekha. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, a Nachisale anzanu aja anapinda manja ngati ali ndi chilonda, anthu amene ankadzapempha mchere pakhomo pano. Abambo mfumu anadzudzula nkhaniyi pa guwa, anthu anagwedeza mitu, potuluka anakapitiriza pomwe analekezera. Apongozi ake a Marita anena kuti khanda lisaponde pakhomo panga. Chidzukulu changa choyamba ndimachionera patali.

Dzana kunabwera alongo anu a Gelevazio, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Anati, "Mphwanga, kuti anthu akhale chete, tikapemphe chilolezo tifukule manda. Tikapeza mafupa, wayera. Tikapeza thunthu la nthochi, udziwa wekha." Ndinawayang'ana mpaka anayamba kukanda m'mutu. Munthu amene anabadwa nanu mimba imodzi, Amayi. Sindinawapatse ndi madzi omwe.

Ndinamuimbira Fabiyano. Poyamba anaseka. Anaseka! "Achemwali, ndi nkhani chabe. Umenewo ndi umbuli wa kumudzi." Nditamuuza za manda anati, "Mwina asiyeni afukule, aone okha. Umboni ndi umene umathetsa zoterezi." Ndinamuuza kuti umbuli ndi wake, wophunzitsa ana a eni koma osadziwa mudzi umene unamulera. Ndinamukumbutsa mawu anu aja, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Koma mlomo wakewo sukutsata iye, ukutsata ine. Iye ali m'tauni, madzi ake ndi a pampopi wa m'nyumba. Wokatunga limodzi ndi anthu amenewa ndine.

Ndipo nkhaniyo ndinaiwerenga mpaka kumapeto. M'dziko lakelo iye amabwera mwezi uliwonse ndi shuga ndi sopo, amakhala nanu pakhonde, mumaseka. Kuno ankabwera ndi chiyani? "Ndatanganidwa, ndibwera tikatsekera." Anafika mutatseka kale maso, atavala suti. Wadzimangira dziko loti akabisalemo manyazi ake, njerwa zake n'kukhala dzina langa.

Inunso ndakukwiyirani, musaganize kuti mwapulumuka. Ndinu munamulera chonchi. Akadya mtedza wa mbewu n'kupeka kuti kunabwera anyani ovala zipewa, inu munkaseka mpaka misozi, mumvekere uyu ali ndi mutu. Ine ndikanama pang'ono, chikoti. Onani tsopano mutuwo kumene watifikitsa.

Koma pali china chimene sindinauze munthu. Lero m'mamawa ndinapita ku dimba ndekha, nkhungu itatseka mpaka phiri osaoneka. Ndinaima pakati pa mizere n'kuitana, "Amayi?" Ndinaitana ndithu, ine mkazi wamkulu wa chidzukulu, wolandira Ukaristiya. Ndinadikira. Ndinapsa mtima kwambiri pozindikira kuti m'mudzi monse muno, amene akufunitsitsa kuti bodzali likhale loona ndine. Mukanakhalapo, lilime kapena opanda lilime, ndikanakulandani khasu, ndikanakukhazikani pa mlambala, ndikanakufunditsani shawelo. Kunalibe munthu. Ndinakumba ndekha mpaka dzuwa kutentha, ndikulira ngati mwana.

Mawa abale akukumana kwa a Gelevazio kuti amve yankho langa. Ndikudziwa kuti akafukula ndiyera. Ndikudziwa kuti aganyu abwerera, a Nachisale atambasula dzanja, khanda la Marita ndilinyamula. Zonsezo ndaziyeza mumtima, ndipo za khandazo zikundiluma kuposa zonse. Koma chitenje chanu cha ku tchalitchi ndinasankha ndine, korona ndinakukulungani m'zala ndine. Muli moyo simunayendepo ndi mutu wopanda duku pamaso pa amuna. Ndiye lero ndilole kuti anyamata a makasu akuvundukuleni, mudzi wonse utaunjikana kusuzumira, kuti Rozina akhutire? Kuti Fabiyano apeze nkhani ina yolemba? Iyayi.

Ndikawauza kuti ayi. Azinditcha mfiti mpaka ndidzagone pambali panu. Wofuna kukumba adzayambe wakumba ine, chifukwa adzandipeza nditakhala pamtumbirapo.

Munavutika mokwanira, gonani. Ndimakukondani ngakhale ndakukwiyirani, ndipo ndikulonjeza kuti ine ndili moyo, palibe khasu lidzakhudze dothi lanu.

Ndine mwana wanu woyamba,
Sesiliya