Mgolo Womaliza wa Bambo a Ana

Aphungu,

Lero ndiye ndapumako. Amuna anga, omwe anali makaniko, anatisiya mwezi watha. Ankafulula mowa wawo m'garaja, ndipo Loweruka lililonse anzawo atatu ankabwera kudzamwa. Asiya mgolo umodzi wachitsulo, womwe ankautchula kuti kegi, wodzaza. Ndinaitana anzawowo kuti adzamwe komaliza.

Nditalawa, mayo ine! Uli zii ngati tiyi wadzulo, thovu n'kamodzi komwe. Alamu anga anati, "Waonongeka uwu, tayani." Ndinalira, chifukwa ndi chinthu chomaliza chimene manja awo anapanga. Ndikuukokera ku ngalande, ndinaona kapepala komata kumbuyo, kolembedwa ndi dzanja lawo lokhotakhota lija: "Wapsa. Watsala gasi. Osakhudza!" Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ngakhale atapita, akundiletsabe!

Silinda ya gasi ilipo, pamodzi ndi kawotchi koyezera mphamvu ya gasi kamene anakadontheza penti wanga wofiira wa zikhadabo pa 12. Koma sindidziwa poyambira. Alamu akuti tingougwedeza. Nditani?

E.N.K.

Mayi,

Pepani ndi maliro, koma pukutani misozi: mowawo ndi wamoyo. Ngati sukuwawasa kapena kununkha, wangosowa gasi basi.

Ikani mgolowo m'firiji tsiku lathunthu, chifukwa mowa wofunda sulandira gasi. Kenako lumikizani paipi pamene palembedwa kuti polowera, tsegulani silinda pang'onopang'ono mpaka singano ya kawotchi kaja ifike pa kadontho kofiirako. Penti wanu sanapite pachabe! Pakani madzi a sopo molumikizira monse. Pakatuluka tithovu, pakudontha, mangitsani. Mukatero usiyeni m'firiji momwemo, gasi ali chitsegulire, sabata imodzi kapena iwiri. Alendowo auzeni adikire. Anapirira nthabwala za amuna anu zaka zonsezi, sabata singawaphe.

Zogwedezazo zisiyeni. Odziwa amatero akathamangidwa, koma inu mudzangothira thovu lokhalokha, ndipo mgolo wina woyeserera mulibe. Alamu anuwo apatseni ntchito yotsuka matambula.

Chenjerani: gwiritsani ntchito silinda ya amuna anuyo basi, osati ya gasi wophikira. Ikhale choimirira, ndipo musatsegule chivundikiro cha mgolo musanakoke kamphete kotulutsira mpweya.

Tsikulo likadzafika, tambula yoyamba musadzapatse mlendo. Mowawu anauyamba ndi amuna anu, koma woumaliza ndinu.